Anawafunsa Kawiri Kokha

A Saimi Törmänen anagwa Lolemba m'mawa, mwezi wa Malichi, akupita kukatenga nyuzipepala m'bokosi la makalata kumsewu. Pansi pa chipale chofewa panali madzi oundana, ndipo phazi litangoterereka anamva fupa la m'chiuno likuthyoka. Anagona pomwepo maola awiri. Galimoto zitatu zinadutsa, koma iwo sanakuwe ngakhale kukweza mkono, ati anthuwo ankathamangira kuntchito. Amene anawatola anali bambo wa thirakitala yokankha chipale, ndipo mawu oyamba amene anamuuza anali opepesa kuti amuchedwetsa. Ndi mmene tilili ife a kumpoto kuno, ndipo timanyadira nazo ngati kuti n'zanzeru.

Patatha masabata awiri ali m'chipatala, dokotala anabwera n'kukoka mpando pafupi ndi bedi lawo. Anali mtsikana wa msinkhu woti akanakhala mdzukulu wawo, wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Mayi Törmänen, zinthu zili chonchi. Fupa talumikiza ndi chitsulo ndipo lagwira bwino. Mtima wanu ndi wamphamvu kuposa wa anthu ambiri a zaka 60. Mukamachita mafizo tsiku lililonse, pofika Juni muziyenda nokha mpaka kubokosi lanu lija. Koma miyezi iwiri yoyambayi simungakhale nokha. Pafunika munthu wokudzutsani, wokusambitsani, wokukakamizani kuyenda ngakhale tsiku limene simukufuna. Alipo?"

"Bambo anamwalira kalekale."

"Nanga ana?"

"Sitinapatsidwe."

Dokotala analemba kanthu papepala. "Bedi ili tikulifuna Lachisanu. Mukapeza wachibale wokutengani, tikutulutsani mupite kumeneko. Zikakanika, malo alipo kunyumba yosungirako okalamba ya kutsidya kwa mtsinje."

Nyumba imeneyo a Saimi ankaidziwa ngakhale anali asanalowemo. Anagwira ntchito zaka 38 mu ofesi ya mpingo, kulemba obadwa ndi omwalira m'mabuku, ndipo mapepala a imfa ochokera kumeneko ankafika patebulo pawo mwezi ndi mwezi. Sikuti anamwino ake ndi oipa mtima. Amakhala awiri pa okalamba makumi awiri, ndipo kukhazika nkhalamba pachikuku kumatenga mphindi imodzi pomwe kuiyendetsa kumadya theka la ola. Wolowa ndi ndodo, mwezi ukamatha amakhala ali pachikuku, ndipo wa pachikuku sachedwa kukhala wa pabedi. Tsono nkhani inali imodzi basi: pofika Lachisanu papezeke munthu wowatenga, apo ayi sadzapondanso pansi ndi mapazi awo.

M'bale wawo amene anatsala anali mmodzi, mkulu wawo a Rauha, wa zaka 90, yemwe nayenso ankachita kuyendetsedwa. A Saimi anali ndi zaka 86. Koma kusiyana kwawo kwenikweni sikunali kwa zaka. A Rauha anabereka ana khumi ndi mmodzi, a Saimi sanaberekeko. Iwo ndi amuna awo, malemu a Veikko, anadikira mpaka kutopa, kenaka anangosiya kuikamba nkhaniyo, ndipo kabedi kamwana kamene a Veikko anakhoma chaka choyamba cha ukwati kanakagonedwa ndi ana a eni ake kwa a Rauha. Mayi awo, pofuna kuwatonthoza, ankawauza mawu omwewomwewo nthawi zonse.

"Usalire iwe. Mwana aliyense amachoka ndi dzino limodzi la mayi wake. Rauha anawa akumudya wamoyo. Iwe udzamuika m'manda uli chiwongokere."

Mudzi wonse unkatero, ndipo umboni unalipo. Pofika zaka 45, a Rauha mano awo ankagona m'kapu, misempha ya m'miyendo itatupa, msana utapindika. A Saimi anafika zaka 80 akuwaza okha nkhuni za sauna, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi, akulowa m'madambo kukathyola zipatso mpaka ndowa kudzaza. Chitonthozo chimenechi anachisunga zaka zambiri. Sichinali chokoma kwenikweni, kutonthozedwa ndi imfa ya m'bale wako, koma munthu wopanda mwana amagwira chimene wapatsidwa.

Amene anawalanda chitonthozocho ndi mabuku a mpingo. Polemba imfa ankalemba zaka za womwalirayo ndi ana amene wasiya, ndipo dzanja likalemba chinthu chimodzi zaka makumi atatu, mutu umayamba kuwerengera wokha. Azimayi otheratu aja, opanda mano, a ana asanu ndi atatu, a ana khumi, ankafika zaka 91, 94, akudandaula tsiku ndi tsiku kuti akufa. Opanda ana, ndi thanzi lawo lonse, ankapita msanga ndiponso mwakachetechete, ambiri opezedwa ndi wamakalata ataona kuti nyuzipepala zadzaza m'bokosi. Tsiku lina wailesi inanena kuti akatswiri nawonso aona zoterezi, ndipo akukangana ngati chinsinsi chake chili m'magazi kapena kwina. A Saimi anatseka wailesiyo. Chinsinsicho iwo ankachidziwa kale, popeza a Rauha akangotsokomola kawiri pabwalo pawo pankaima galimoto zitatu.

Ana a mkulu wawowo sanali oipa kwa iwo. Ankatumiza makadi pa Khirisimasi, maluwa pa tsiku lobadwa, ndipo wina akadutsa ankawachotsera chipale pakhomo. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo a Saimi anasinthadi matewera a onse khumi ndi mmodzi. Koma pa gulu lonselo, amene anali ndi chipinda chopanda munthu anali mmodzi: Outi, chitsirizira, wa zaka 49. Iyeyu anakhala kulikulu la dziko ku Helsinki zaka makumi awiri, n'kubwerera kutauni yathu ya Oulu ukwati utatha. Mwana wake wamkazi, Venla, anali atapita kuyunivesite. Nyumba yake inali yapansi, yopanda masitepe, ndipo ntchito ankagwirira pakhomo pa kompyuta. A Saimi anayamba kukonza chipindacho m'mutu mwawo tsiku lomwelo dokotala atangochoka. Anaona kuti bedi lidzafunika kulisunthira pafupi ndi windo, ndipo anaganiza kuti azidzasenda mbatatesi ali chikhalire kuti asakhale wongodya.

Tsopano kwathu kuno kuli mwambo wina umene achinyamata sauphunziranso. Munthu akakuitanira patebulo la khofi, sudumpha ngati galu waona fupa. Ulendo woyamba umakana: "Ndamwa kale kunyumba." Wachiwiri umakananso: "Musavutike chifukwa cha ine." Mwininyumba akaumirira kachitatu, mwinanso kukugwira mkono, m'pamene umadzuka pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Basi, theka la kapu," kenaka umamwa makapu atatu. Kufunsa koyamba ndi ulemu chabe, aliyense angafunse. Kwachiwiri kungakhale chifundo. Pa kachitatu m'pamene umadziwa kuti akukufunadi. Azimayi a m'badwo wa a Saimi anakhala moyo wawo wonse motero, pa khofi, pa mpando wa m'basi, pa chilichonse. A Veikko anafunsira katatu, ndipo akanalekera pachiwiri bwenzi a Saimi atakalamba mbeta osadandaulira munthu.

Lachitatu masana Outi analowa m'chipindamo akukankha mayi ake pachikuku. A Rauha anali atakulungidwa m'mabulangete awiri, nkhope yokha ili pamtunda, ndipo pakamwa panayamba ntchito ali pakhomo.

"Taonani munthu wathanzi uja. Ine wa mafupa ofumbwa sindinathyokepo ngakhale chala. Wodzaika anzake m'manda ndi uyu wagona apayu."

"Sunathyoke chifukwa suyenda," anayankha a Saimi. "Amakunyamula ngati thumba la mbatatesi."

"Thumba la mbatatesi silikana. Ine ndimakana, koma samva."

Outi anaseka, anawapsompsona a Saimi pachipumi, n'kuyala mabanzi patebulo. Kenaka anayang'ana wotchi n'kutulutsa kabotolo m'chikwama.

"Amayi, nthawi ya mankhwala."

"Sindimwa. Amandichititsa chizungulire."

"Yasamani."

"Ndati sindimwa, Outi. Wandiona ngati mwana ine?"

"Musayambe, amayi. Yasamani."

A Rauha anayasama, kumwa, n'kuyamba kutukwana chapansipansi. Outi sanawayang'ane n'komwe, anangowapukuta pachibwano uku akufunsa a Saimi za chakudya cha m'chipatala. Posakhalitsa namwino anabwera kudzatenga a Rauha, popeza Outi anali atawalembetsa mwakabisira kwa dokotala wa mtima tsiku lomwelo. A Rauha anakana mpaka kugwira chitseko, koma chikuku chinatuluka ndithu, ndipo mawu awo ankamvekabe akuchepa m'khonde.

Atatsala awiri, Outi anakhala pampando n'kuika foni yake chafufumimba patebulo. A Saimi anaona zimenezi ndipo anadziwa kuti nthawi yakwana.

"Amayi aang'ono, ndayankhula ndi adokotala. Chipinda cha Venla chikungokhala. Bwanji mubwere mudzakhale kwathu mpaka Juni?"

A Saimi anamva chimwemwe chimene anali asanamvepo chigwereni. Anayamba kusalaza bulangete kuti chisaoneke.

"Ayi mwanawe, iwe uli ndi ntchito yako. Nkhalamba m'nyumba ndi chintchito."

"Si vuto ayi. Ndimakhala pakhomo tsiku lonse. Ndikunena zoona, bwerani."

"Usavutike chifukwa cha ine. Kutsidya kuja akuti n'kwabwino. Kuli anamwino, chakudya chake amachiyamikira. Ndikakhala bwinobwino."

Anayankha monga mwambo unenera, mosaphonya ngakhale liwu limodzi, ndipo mayi awo akanakhala moyo akananyadira. Yankho lachitatu linali kale pamilomo: "Chabwino, poti waumirira, koma masabata awiri okha." Ankangodikira kuti Outi atsegule pakamwa.

Outi anawayang'ana nthawi yaitali ndi maso achikondi, kenaka anawagwira dzanja.

"Ndamva. Sindikukakamizani. Mwakhala panokha zaka zonsezi, mukudziwa chimene mukufuna, ndipo ine ndimakusilirani pa chimenecho. Amayi ndiye timachita kulimbana nawo pa chilichonse. Inu maganizo anu ndiwalemekeza."

Anatenga foni ija n'kuyamba kuyankha uthenga wa kuntchito.

A Saimi anadikira. Ankaganiza kuti mwina mwanayu akungopuma, abwereranso kunkhani. Anatsokomola pang'ono, Outi anawapatsa madzi. Ananena kuti Oulu amakongola chipale chikamasungunuka, Outi anavomera kuti amakongoladi. A Rauha anabwezedwa akunyogodola dokotala wa mtima, Outi anatsegula fulasiki ya khofi. A Rauha anati safuna, kapu inaikidwa m'manja mwawo yodzaza. A Saimi anati amwa kale, fulasiki inatsekedwa. Theka la ola litatha alendowo anatsazika.

Lachinayi lonse foni inali pa kabati, pafupi ndi dzanja lawo. Akuluakulu anati manyazi anapha Lambe, ndipo a Saimi ankaona bwino lomwe kuti akudzipha okha, koma kuona sikunawathandize. Anafufuza dzina la Outi kanayi, kanayi konse n'kuibwezera foniyo pa kabati. Akanaimba akanati chiyani? Kuti zimene ndinanena dzulo ndimanama? Kupempha malo m'nyumba ya munthu amene sanaumirire ndi kupemphetsa, ndipo iwo chibadwire anali asanapemphetsepo. Outi akanavomera, zimenezo sankakayika. Koma m'mawa uliwonse akamawadzutsa, akamawapukuta kumsana, iwo bwenzi akumuyang'ana nkhope kuti aone ngati watopa nawo. Anthu a ana saganiza zimenezi. Mwana wako ngakhale atatopa nawe, ulibe nazo ntchito, unayamba ndiwe kutopa naye.

Chakudya chamasana chitachotsedwa osakhudzidwa, anapeza nzeru. Anaganiza zoimbira a Rauha. Rauha ndi wakale, angofunsa kuti anakufunsa kangati, akamva kuti kawiri amukalipira Outi, ndipo pofika madzulo nkhani ikhala yatha popanda iwo kupempha kanthu.

A Rauha anayankha foni ali ndi ukali, kumbuyo kukumveka phokoso la anthu ndi zitseko.

"Wachita bwino kuimba, umve zimene akundichita. Akulongedza katundu wanga."

"Ukupita kuti?"

"Kwa Outi. Dzulo titangobwerako anachita msonkhano pafoni, onse khumi ndi mmodzi, ngati nyumba ya malamulo. Ati poti Saimi wagwa, inenso ndigwa, ndiye ndikakhale ku Oulu mpaka chipale chithe. Ati chipinda chikungokhala poti iwe wakana. Ine ndakana kasanu ndi kawiri. Pentti wangonyamula mpando wanga n'kukauponya m'galimoto. Pentti, iwe, chikho chimenecho n'cha agogo ako, ukachiswa udziwanso."

Pentti anali mwana wawo wachitatu, bambo wa imvi zake, wa zidzukulu zisanu. Anamveka akuyankha chapatali kuti amva, amayi.

"Iwe uli ndi mwayi, Saimi," anapitiriza a Rauha. "Ukati ayi, anthu amamva. Ine ndinadziberekera apolisi."

Ankadandaula, koma a Saimi anamudziwa mkulu wawo kuyambira ali pamsana, ndipo m'mawumo ankamvamo kunyada. Anamva nsanje yoopsa, yoti munthu wa zaka 86 sayenera kukhala nayo. Anamvanso kuti khomo latsekeka. Dzulo chipindacho chinali cha aliyense. Lero kuchipempha kunali kuchotsa nkhalamba ya zaka 90 pabedi la m'nyumba ya mwana wake.

"Rauha."

"N'chiyani? Yankhula mokweza, kuno kuli chipwirikiti."

"Utenge masokosi aubweya. Nyumba za m'tauni pansi pake pamazizira."

"Atenga kale mapeyala asanu. Ndakuuza kuti ndi apolisi."

Lachisanu m'mawa dokotala anabwera ndi mapepala. Anati mwana wa mkulu wawo anaimba foni kunena kuti iwo asankha okha kupita kutsidya, ndipo anafunsa ngati zinali zoona. A Saimi anati eya. Anasaina ndi dzanja lokongola lija la mu ofesi ya mpingo, zilembo zoimirira bwino, mpaka dokotala anayamikira. Galimoto yonyamula odwala inafika isanakwane teni koloko.

Nyumbayo inali yaukhondo, makatani oyera, maluwa pawindo lililonse. Chikomekome cha mkuyu. Sabata yoyamba a Saimi ankadzuka okha, kugwira chitsulo cha bedi n'kuwerenga masitepe asanu kupita, asanu kubwerera, monga anawaphunzitsira wamafizo. Tsiku lachisanu ndi chitatu mwendo unawagonja, anagwera pakati pa bedi ndi kabati. Sanathyoke, koma kuchokera pamenepo anawaletsa kudzuka popanda namwino, ndipo anawapatsa belu loti aziliza akafuna kuyenda. Belu limenelo silinalirepo. Iwo ankamva anamwino akuthamanga m'khonde, uku wina wadzionongera, uko wina akuitana mayi ake amene anafa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanathe, ndiye iwo alize belu chifukwa chongofuna kuyenda?

M'mawa uliwonse namwino ankasuzumira pakhomo.

"Mayi Törmänen, tiyendeko pang'ono lero?"

"Muli ndi ntchito yambiri, mwanawe."

"Chabwino, tidzayesa mawa."

Ndipo ankapita, woyamikira kuti m'nyumba yonseyo muli nkhalamba imodzi yosavuta. M'kati mwa Epulo miyendo inayamba kuwonda. Kumayambiriro kwa Meyi anadwala chibayo, anagona masabata awiri, ndipo atachira panali patatuluka bala kumsana. Tsopano ankachita kuwanyamula ndi makina, anamwino awiri, mmodzi uku wina uku. Maluwa ankabwerabe kuchokera kwa ana a mkulu wawo. Outi ankaimba Lamlungu lililonse kufunsa ngati akusowa kanthu, iwo ankati palibe, ndipo iye ankati wasangalala kumva zimenezo. A Saimi anasiya kuganiza za nyumba yawo, chifukwa akaiganiza ankalira, ndipo kulira kunkabweretsa namwino amene anali ndi ntchito zina.

Sabata yoyamba ya Juni, mitengo itaphuka, Outi anabwera ndi mayi ake. A Rauha anali atanenepa. Masaya anali atadzaza, tsitsi litametedwa mwa m'tauni, ndipo dokotala wa mtima uja anali atawasinthira mankhwala moti chizungulire chinatha. Analowa akudandaula za msuzi wa nsomba wa Outi, ati wopanda mchere ngati wa kundende. Atafika pafupi ndi bedi anasiyira chiganizo panjira.

Anayang'ana manja a mng'ono wawo, khosi, kenaka pamene panayenera kukhala miyendo pansi pa bulangete.

"Unakaniranji, wouma mutu iwe?" anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Chipinda chija n'chachikulu. Tikanagona awiri, ngati kale."

Outi, yemwe ankathira madzi m'botolo la maluwa, ndi amene anayankha.

"Musawakalipire, amayi. Anasankha okha. Ine ndinawafunsa kawiri konse."

"Kawiri," anatero a Rauha.

"Eya."

"Nanga kachitatu anati chiyani?"

"Kachitatu kake kati?"

A Rauha anatembenukira kwa mng'ono wawo. A Saimi anayang'ana kuwindo. Anachita manyazi ngati mwana wogwidwa akuba shuga, ndipo pansi pa manyaziwo anamva mpumulo wochepa, kuti tsopano pali munthu mmodzi amene wadziwa.

"Ndinakulera ine iwe?" a Rauha anafunsa mwana wawo. Sanakweze mawu. "Unakulira m'nyumba mwanga, unkaona azimayi a mpingo akubwera kudzamwa khofi. Unaonapo mmodzi wokhala patebulo asanamukoke? Munthu wa kwathu, wa msinkhu uwu, ukamufunsa kawiri ndiye kuti sunamufunse."

"Koma zija zinali za khofi, amayi. Ife tinkaseka nazo kukhitchini." Outi anaika botolo pansi. Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono. "Inu mukakana ndimadziwa kuti n'zabodza, ndiye sindimvera. Awa ndimawalemekeza."

"Wawalemekezadi. Taona."

Outi anabwera n'kugwada pafupi ndi bedi, mayi wa zaka 49, misozi ikutsika osaipukuta. Anagwira dzanja lowonda lija ndi manja onse awiri.

"Amayi aang'ono, tiyeni kwathu. Lero lomwe. Ndikupemphani, tiyeni."

"Inde," anatero a Saimi.

Liwulo linatuluka msanga, lisanathe n'komwe funso, moti iwo eni anadabwa. Analibwereza kuti atsimikize kuti lamveka.

"Inde, ndikufuna. Unditenge, mwananga. Sindifuna kufera muno."

Outi anadzuka n'kuthamanga kukafuna namwino wamkulu. Anakumana naye m'khonde, pafupi penipeni, ndipo chitseko chinali chosatsekedwa bwino. A Rauha makutu anali atatha, sanamve kanthu. A Saimi makutu awo anali akadali akuthwa, monganso mtima wawo umene dokotala anauyamikira, ndipo anamva zonse. Namwinoyo ankayankhula mofatsa, ngati munthu amene wanenapo zimenezi kwa mabanja ambiri. Anati pafunika anthu awiri ndi makina pa kuwatembenuza kulikonse, maola atatu alionse. Anati balalo limafuna namwino tsiku ndi tsiku, ndipo mapapo sanabwererenso mwakale. Anati minofu ya m'miyendo ikatha pa msinkhu umenewu sibwereranso. Outi anafunsa kanthu kena, mawu ake osamveka bwino chifukwa cha kulira.

"Mu Malichi zikanatheka," anayankha namwinoyo. "Panopa kungakhale kuwazunza."

Outi sanabwerere m'chipindamo. A Saimi ankaona chithunzithunzi chake pa galasi la chitseko, ataima, atatsamira khoma.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Rauha. "Achedweranji? Galimoto ili panja pompa."

A Saimi anali atamva liwu lililonse, koma anali atanena inde wosazungulira kamodzi kokha m'moyo wawo ndipo sanafune kumubweza msanga chotero.

"Akukonza mapepala. Rauha, tandiyang'anira nsapato zanga m'kabatimo. Zakuda zija."

A Rauha anakankha mateyala a chikuku ndi manja awo opindikawo, pang'onopang'ono, akupuma mwabefu, mpaka anafika pa kabati n'kutsegula. Anasuzumira m'mwamba, anasuzumira pansi, anasuntha matewera ndi zovala zogonera. Nsapato munalibe. Anamwino anazichotsa mu Epulo, ataona kuti zikungodya malo.